"Mwandidetsatu apa": mmene ojambula amaunikirana zithunzi zapapepala

Panja pa holo ya ukwati, perekaniperekani asanathe n'komwe, ojambula amakhala atayala kale zithunzi patebulo, zina pansi pamwamba pa chitenje, atazitsendereza ndi timiyala kuti zisauluke. Mayi wina amawerama, n'kudzipeza pakati pa mulu wa nkhope, n'kutola chithunzi chake. Amachipenda uku ndi uku, n'kuchitalikitsa pang'ono. "Iii, achimwene, apa ndiye mwandidetsatu." Wojambula naye sachedwa kuyankha: "Ayi mayi, taonani pakamerapa mmene mwaonekera, mwawala bwinobwino." Amawaonetsa kasikirini ka kumbuyo kwa kamera, ndipo n'zoonadi, pamenepo nkhope ili mbee. Onse awiri akunena zoona, kungoti wina akunena za pepala, wina za sikirini.

Kamkangano kameneka sikatha ndi mphindi imodzi yomwe, koma m'kati mwake muli mafunso onse amene amavutitsa ojambula akakhala pansi kuunikirana ntchito, kaya ndi m'kalasi, m'kalabu kapena pachionetsero chachikulu. Kodi tikuona chinthu chimodzi? Kudaku ndi kulakwitsa kapena ndi dala? Nanga wouzidwayo achite nawo chiyani mawuwo?

Tiyambe ndi pepala lenilenilo. Sikirini ya foni kapena ya kompyuta ili ngati nyali, imatulutsa kuwala kwakekwake. Pepala lilibe kuwala, limangobweza kumene lalandira kuchokera padzuwa kapena pababu. Kuyera kwenikweni kwa chithunzi chotsukidwa ndi kuyera kwa pepalalo basi, sikungapitirire pamenepo, ndipo kuda kwake kumalekezera pamene inki kapena mankhwala akwanitsa kumeza kuwala. Pasikirini wamba, malo oyera kwambiri amawala kuposa malo akuda kwambiri pafupifupi ka 1,000. Papepala lonyezimira kusiyanako kumatsika kufika cha m'ma 200, ndipo pa losanyezimira sikufika ndi 100 komwe. Ndiye kuti makwinya a suti yakuda, kapena tsitsi la munthu woima pamthunzi, zimene pasikirini zimaoneka bwinobwino, papepala zimatha kuunjikana n'kukhala chikanga chimodzi chakuda bii.

Pamwamba pa izo, masikirini ambiri timawasiya owala mopitirira muyezo. Odziwa ntchito yosindikiza amatsitsa kuwala kwa sikirini kufika pakati pa makandela 80 ndi 120 pa sikweya mita, pamene foni yamakono ikakhala padzuwa imapitirira 500. Munthu akakonza chithunzi pasikirini yowala chotero, maso amamuuza kuti zonse zili bwino, kenaka pepala likatuluka amayamba kunyoza pulinta. Dandaulo lakuti "chatuluka chakuda" ndi lofala kwambiri pakati pa oyamba kusindikiza, ndipo nthawi zambiri wolakwa si pulinta.

Kuwala kwa m'chipinda nako kumasintha chigamulo. Chithunzi chomwecho pansi pa babu yofiirira chimaoneka chofunda, pansi pa nyali yachubu chimatha kubiriwira, ndipo pakhonde masana chimaonetsa zimene usiku sizimaoneka. N'chifukwa chake osindikiza mabuku ndi magazini anagwirizana muyezo umodzi wa kuwala koonera ntchito, wotchedwa D50, womwe ndi makelvini 5,000 pa muyezo wa mtundu wa kuwala, kufanana ndi kuwala kwa masana. Otsuka zithunzi ndi mankhwala amadziwanso msampha wina: pepala likadali lonyowa limaoneka lowala, likauma limada pang'ono, makamaka mbali zoyera. Wodziwa ntchito saweruza chithunzi chili m'madzi.

Apa mpamene pamagona vuto la kutumizirana pafoni. Munthu watsukitsa chithunzi, wachiika patebulo, wachijambula ndi foni n'kutumizira mnzake kuti anenepo maganizo. Chimene mnzakeyo walandira ndi chinthu chachitatu. Kamera ya foni yadziwonjezera kuwala yokha, yawongola mitundu mmene ikufunira, yanola m'mphepete mwa zinthu, ndipo pulogalamu yotumizira yachifinya kuti chisadye bandulo. Kuchokera patali chonchi munthu angathe kunenapo za kaimidwe ka anthu m'chithunzimo, za nthawi imene wojambula anadina batani, za mtengo umene ukuoneka ngati wamera pamutu pa mkwati. Koma za kuda kwa mithunzi, za mtundu wa khungu, za kukhakhala kwa pepala ndi kukula kwake, woona mtima amayenera kunena kuti, "Zimenezo ndikanene ndikachigwira m'manja." Ngati palibe kuchitira mwina, zimathandizako kujambula chithunzicho pafupi ndi windo, popanda fuleshi, pambali pake pali pepala loyera, n'kutchula saizi ndi mtundu wa pepala. Komabe kumeneko n'kuchepetsa chabe bodza.

Chinthu chachiwiri chimene ounika ambiri amaiwala n'chakuti chithunzi chapapepala chimapangidwa kawiri. Koyamba ndi pamene kamera yalira. Kachiwiri ndi potsuka, ndipo apa pali zosankha zambirimbiri. M'chipinda chamdima, negativu, yomwe ndi filimu yochokera mukamera yoonetsa zoyera ngati zakuda, imaikidwa m'makina amene amaponya chithunzi papepala lomva kuwala. Wotsuka amayamba ndi kadzidutswa ka pepala, n'kukawalitsa masekondi osiyanasiyana kuti apeze nthawi yoyenera. Amasankha kulimba kwa kusiyana kwa zoyera ndi zakuda. Pa mapepala a Ilford Multigrade kumayambira pa 00 kukafika pa 5. Kenaka amatchinga kuwala ndi dzanja kapena kakatoni kapawaya pamalo pamene akufuna payere, komwe amakutcha dodging, n'kuwonjezera kuwala pamene akufuna pade, komwe ndi burning. Mayina omwewa ndi amene muwapeza mu Photoshop, pulogalamu yokonzera zithunzi pakompyuta, lero, chifukwa anachokera kumeneko.

Ansel Adams, wojambula wa ku America yemwe anaphunziranso kuimba piyano, ankafanizira negativu ndi nyimbo yolembedwa papepala, ndipo chithunzi chotsukidwa ankati ndiko kuimba kwake. Chitsanzo chake chodziwika ndi chithunzi cha mwezi ukutuluka pamwamba pa mudzi wa Hernandez ku New Mexico, chimene anajambula pa 1 Novembala 1941. Anachitsuka ka 1,300 n'kupitirira pa moyo wake. M'zoyambirira, kumwamba n'kotuwa ndipo mitambo ikuoneka. M'zimene anatsuka atakalamba, kumwamba kuli bii, mwezi ndi mitanda ya kumanda zikung'anima ngati zayatsidwa. Negativu ndi yomweyo. Munthu atanyamula chimodzi mwa zomalizazo n'kunena kuti "kumwambaku kwada kwambiri", angakhale atanena zoona zimene sizithandiza aliyense, chifukwa mwini wake anakudetsa ndi manja ake, akudziwa chimene akuchita.

Amene anaonapo pepala loyeserera la Pablo Inirio, yemwe ankatsukira ojambula a bungwe la Magnum ku New York, amamvetsa msanga. Pa chithunzi cha James Dean, katswiri wa mafilimu, akuyenda pamvula ku Times Square, chimene Dennis Stock anajambula mu 1955, Inirio anajambulapo mizere yozungulirazungulira ndi manambala ponseponse: apa onjezera, apa chotsa. Chikaonedwa chitatha, chimangokhala ngati kamera inatulutsa choncho. Kuunika kwa anthu a ntchitoyi kumakhala kotero, kwa pamalo ndi pamalo, kwa masekondi ndi magawo, osati kwa "chabwino" kapena "choipa".

Tsopano tibwerere ku khungu la mayi uja, chifukwa nkhani yake ili ndi mizu yaitali. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, kampani ya Kodak inkatumiza kwa otsuka zithunzi khadi yokhala ndi chithunzi cha mzimayi wachizungu, kuti aziyezera makina awo. Makhadiwa anadziwika ndi dzina lakuti Shirley. Khungu lake likatuluka bwino, makina ankatengedwa kuti ali bwino. Filimu yamitundu ya nthawiyo sinkakoka bwino kusiyana kwa mitundu yoderapo, moti pa chithunzi cha kalasi ya ana osakanikirana, nkhope za ana akuda zinkasowa, n'kutsala maso ndi mano. Lorna Roth wa ku yunivesite ya Concordia ku Canada, pa kafukufuku amene anafalitsa mu 2009, anapeza kuti ena mwa amene anakakamiza kusintha anali opanga chokoleti ndi mipando yamatabwa, omwe ankadandaula kuti katundu wawo sakusiyanitsika pa zotsatsa malonda. Khadi yokhala ndi amayi a makungu osiyanasiyana inadzabwera pakati pa zaka za m'ma 1990.

Ndiye mayi akamati "mwandidetsa", n'kutheka ndithu kuti akuloza cholakwika chenicheni: kamera inayeza kuwala pa diresi loyera la mkwati, nkhope n'kumira. Limeneli ndi vuto laluso ndipo lili ndi mankhwala ake. Koma palinso kwina kumene mawu omwewo amatanthauza kuti "ndiyeretseni kuposa mmene ndilili", ndipo masitudiyo ena, pofuna kusangalatsa kasitomala, amayeretsa nkhope mpaka kutuwa ngati yopakidwa phulusa, khosi ndi manja zili mtundu wina. Ine zimenezi zimandiwawa. Khungu lakuda lotsukidwa bwino lili ndi mitundu yambiri: kufiirira kwa patsaya, kunyezimira kwa pamphumi, kuzama kwa pansi pa chibwano. Woziona zimenezi papepala safunanso kuyeretsedwa. Ndikaunika chithunzi cha munthu wakwathu, funso langa silikhala lakuti nkhope yawala mokwanira kapena ayi. Ndimafufuza ngati mukuda mwakemo muli kanthu koti diso ligwire.

Roy DeCarava, yemwe anabadwira ku Harlem, dera la mumzinda wa New York, mu 1919, anathera moyo wake pa funso lomweli. Mu 1952 anakhala wojambula wakuda woyamba kulandira thandizo la ndalama la bungwe la Guggenheim. Ankajambula anansi ake m'makhitchini, m'makonde a nyumba zogona ndi m'malo oimbira jazz, kuphatikizapo woimba John Coltrane, pogwiritsa ntchito kuwala kumene wakupeza. Zithunzi zake ankazitsuka zakuda mwadala, zodzaza ndi mitundu yotuwa yozama imene imafuna kuti munthu aime, maso azolowere, kenaka nkhope ndi manja ziyambe kutuluka pang'onopang'ono. Woweruza wothamanga, wodziwa lamulo lakuti chithunzi chabwino chizikhala ndi poyera penipeni ndi pakuda penipeni, akanazigwetsa zonse.

Ndipo ogwetsa otero akhalapo. Buku la zithunzi 83 zimene Robert Frank anajambula poyendayenda m'dziko la America litatuluka kumeneko mu 1959, olemba a magazini ya Popular Photography anazinyoza kuti n'zosaoneka bwino, zamchengamchenga, zopendekeka ngati wojambula anali ataledzera. Mu 1976, William Eggleston ataonetsa zithunzi zamitundu kunyumba ya zionetsero ya Museum of Modern Art ku New York, Hilton Kramer wa nyuzipepala ya New York Times anati n'zotopetsa kotheratu. Lero ntchito zonse ziwirizi zimaphunzitsidwa m'masukulu. Sindikunena kuti aliyense wodzudzulidwa ndi katswiri wosamvetsetsedwa. Zithunzi zambiri zopendekeka zimangokhala zopendekeka basi. Koma odzudzula aja anaona bwinobwino zimene zinali papepala. Chimene sanafunse n'chakuti zinaikidwapo chifukwa chiyani. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Pofuna kupewa phula limeneli, aphunzitsi a zaluso anakonza njira zochedwetsa pakamwa. Edmund Feldman wa ku America anaphunzitsa kuti munthu ayambe wanena zimene akuona, kenaka mmene zakhalirana, kenaka tanthauzo lake, chigamulo chibwere pomaliza. Zimamveka zophweka mpaka utayesa. Kunena kuti "ndikuona mwana wakhala pamphasa, kumanzere kuli ndowa yofiira yowala kuposa nkhope yake, ndipo diso langa likungothawira kundowako" kumafuna kuyang'ana kwa mphindi zingapo. Kunena kuti "chabwino" sikufuna ngakhale kuyang'ana.

Njira imene ine ndimaikonda kwambiri inachokera kwa anthu ovina. Liz Lerman, mkonzi wa magule wa ku America, anaikonza mu 1990 atatopa ndi ndemanga zimene zinkamusiya wosweka mtima koma wosadziwa chochita. Poyamba oonera amanena chimene chawakhudza. Kenaka mwini ntchito ndiye amafunsa mafunso ake. Pambuyo pake oonera amafunsa, koma mafunso opanda chiweruzo chobisika m'kati. Pomaliza, wofuna kupereka maganizo amapempha kaye: ndili ndi maganizo pa zakutizakuti, mukufuna kumva? Mwini wake angathe kukana. Gawo lachitatulo ndi limene limavuta. "Bwanji mwachidetsa chonchi?" ndi chigamulo chovala malaya a funso. "Munafuna kuti mbali ya pansiyi ioneke bwanji?" limatsegula pakamwa pa mnzako. Akayankha kuti ankafuna manja a agogo aoneke akusenda chinangwa, pamenepo mpamene ungamuuze kuti manjawo amira, awonjezere kuwala pang'ono pokhapo. Akayankha kuti ankafuna nkhope yokha ituluke mumdima, ndiye kuti wakwanitsa, ndipo chotsala n'kukambirana ngati m'mphepetemo musakhale kanthu kakang'ono kosonyeza kuti ndi m'khitchini.

Kwathu kuno vuto lathu nthawi zambiri si nkhanza, ndi ulemu. Mnyamata wophunzira ntchito pasitudiyo sangauze bwana wake kuti zithunzi zonse za sabata ino zabiriwira. Mkulu akakuonetsa ntchito yake umati, "Zaoneka bwino kwambiri, bambo," n'kubweza ndi manja awiri. Anzako nawo amangoti "wachita bwino, aise", iwe n'kupita kukatsukitsa makope 50 a chinthu cholakwika. Chonsecho tili ndi mwambi wakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Chosangalatsa n'chakuti njira yofunsa ija imagwirizana ndi makhalidwe athu kuposa yodzudzula mwachindunji. Wamng'ono angathe kufunsa mkulu kuti, "Bambo, malaya awa anali oyera kapena obiriwirako?" popanda wina kuchita manyazi, ndipo mkuluyo adziona yekha kuti mankhwala kapena inki yafika posintha.

M'mabungwe akuluakulu kuunikaku kuli ndi dongosolo lake. Royal Photographic Society ya ku Britain, yomwe inakhazikitsidwa mu 1853, imapereka maulemu a magawo atatu, ndipo wopempha amapereka zithunzi 10 pa gawo loyamba, 15 pa lachiwiri, 20 kapena 21 pa lapamwamba. Oweruza amaona gulu lonselo ngati chinthu chimodzi: kodi mitundu ikugwirizana, kodi chithunzi ichi chikuyenera kukhala pambali pa icho? Pa zikondwerero ngati FotoFest ku Houston, ku America, wojambula amapatsidwa mphindi pafupifupi 20 ndi woyang'anira nyumba ya zionetsero kapena mkonzi wa mabuku, bokosi la zithunzi lili pakati pawo, nthawi ikatha n'kusamukira patebulo lina. Kufupi ndi kwathu, sukulu ya Market Photo Workshop ya ku Johannesburg, imene wojambula David Goldblatt anayambitsa mu 1989, yatulutsa ojambula ngati Zanele Muholi. M'malo ambiri otere pepala limakondedwabe pa chifukwa chosavuta: zithunzi khumi zikayalidwa patebulo, ungathe kuzisuntha, kuchotsapo chimodzi, kuika ziwiri pamodzi, n'kuona nthawi yomweyo kuti chimene mwini wake amachikonda kwambiri ndicho chikufooketsa zinzake. Pasikirini zimabwera chimodzichimodzi, chapita chapita.

Kukula kwa pepala nakonso ndi nkhani yoti iunikidwe. Seydou Keïta, amene anatsegula situdiyo yake ku Bamako, ku Mali, mu 1948, ankapatsa makasitomala ake zithunzi za masentimita 13 kwa 18, zoti munthu asunge m'nyumba kapena atumizire abale kumudzi. M'zaka za m'ma 1990 manegativu omwewo anatsukidwa ku Ulaya pa mapepala aakulu opitirira mita, zakuda zili bii, zoyera zili mbee, n'kupachikidwa m'nyumba za zionetsero. Mapatani a nsalu anasanduka chinthu chogometsa chimene pa kapepala kaja sichinkalamulira diso motero. Wofunsidwa maganizo ayenera kudziwa kuti chithunzicho chikakhala kuti, m'alubamu yogwira pamiyendo kapena pakhoma la holo, chifukwa chilema chosaoneka pa saizi ya positikadi chimakuwa pa pepala lalikulu la A2, ndipo chithunzi china chimafa chikakulitsidwa.

Kulandira ndemanga kuli ndi luso lakenso, ndipo ndinaliphunzira mochedwa. Tsiku lina ndinaika patebulo chithunzi cha asodzi akukoka khoka m'mamawa, pamaso pa anzanga anayi. Asananene kanthu ndinayamba kufotokoza mmene ndinadzukira 4 koloko, mmene ndinalowera m'madzi mpaka m'chiuno, mmene kamera inatsala pang'ono kunyowa. Onse anangoti chabwino. Ndani akanadzudzula munthu amene wangomaliza kufotokoza mavuto ake? Patapita milungu, mkulu wina wotsuka zithunzi anachiona ine ndisanatsegule pakamwa. Anatenga katoni, n'kuphimba mbali ya pamwamba pomwe nyanja inkawala kwambiri, osanena kanthu. Asodzi aja anatuluka nthawi yomweyo, minofu ya m'mikono ndi chingwe zili poyera. Ndinali nditachiyang'ana chithunzicho kambirimbiri, koma ndinkaona m'mawa uja, osati pepalalo.

Kuyambira pamenepo ndimayala ntchito n'kukhala chete, cholembera chili m'manja. Ndimamvetsera kwambiri malo amene anthu akuloza kusiyana ndi mankhwala amene akupereka. Wina anena kuti dula apa, wina kuti detsa apa, wina kuti ukanasendera kumanja. Malangizo atatu osiyana, koma zala zonse zili pa ngodya imodzi, ndiye kuti pangodyapo pali kanthu. Chochita nacho ndi changa. Ndimayesanso kusiyanitsa wondiuza kuti chithunzi changa sichinafike pamene ndimafuna ndi wondiuza chithunzi chimene iye akanajambula. Woyambayo ndimamumvera msanga. Wachiwiriyo ndimamuthokoza, n'kusunga mawu ake, chifukwa nthawi zina patapita miyezi amapezeka kuti anaona patali.

Pepala labwino ndi inki n'zodula, zimachokera kunja, ndiye palibe amene angatsukitse chithunzi chachikulu kasanu pofuna kuyesa maganizo a aliyense. Chimene chimathandiza ndi nzeru ya m'chipinda chamdima ija: dulani kagawo kamene pali mkangano, nkhope kapena mthunzi uja, kaikeni kanayi pa pepala limodzi la saizi ya positikadi, kalikonse kowala mosiyana pang'ono, n'kukatsukitsa pamalo omwewo pamene mudzatsukitsire chachikulu. Ngati makina awo amadziwongolera okha kuwala ndi mitundu, apempheni azimitse zimenezo, apo ayi zinayi zonse zidzafanana. Kumbuyo lembani ndi pensulo tsiku, mtundu wa pepala ndi zimene mwasintha. Kenaka kaikeni pakhoma pomwe chithunzicho chidzakhale, mukaone m'mawa, masana ndi usiku babu itayaka, musanaitanenso anzanu aja.